Mabushi a polyurethane pa Mazda MX-5: ndemanga yanga patapita miyezi 14

Ndinagula seti ya mabushi (tizidutswa tofewetsa kugunda pamene zitsulo zalumikizana) a polyurethane (pulasitiki yofewerapo yolowa m'malo mwa mphira) yokwanira mikono yonse yogwira matayala a galimoto yanga, Mazda MX-5 ya mtundu wa NB yopangidwa mu 2001, ndipo ndadikira dala miyezi 14 ndisanalembe ndemanga ino, chifukwa munthu amene wangochotsa kumene mabushi okutha amayamikira chilichonse chatsopano chimene waikapo. Ndikuwapatsa nyenyezi 4 mwa 5. Ntchito imene ndinawagulira akuigwira bwino, koma amafuna chisamaliro chimene wogulitsa sanachitchule momveka.

Galimoto imeneyi ndi yopepuka, yolemera makilogalamu opitirira pang'ono 1,000, ndipo tayala lililonse limagwiridwa ndi mikono iwiri yachitsulo, wam'mwamba ndi wam'munsi, imene amakaniko amaitcha control arm. Paliponse pamene mkono walumikizana ndi thupi la galimoto pali bushi, ndipo kumbuyo alinso ena pamene mikono ikumana ndi chitsulo chonyamula tayala, moti onse pamodzi amakwana 22, asanu ndi atatu kutsogolo ndi 14 kumbuyo. Anga anali omwe anachokera nawo ku fakitale, ndipo mphira yomwe yatha zaka zoposa 20 ikupsa ndi kutentha, kunyowa ndi kupotokola siyenera kudzudzulidwa ikayamba kung'ambika. Zizindikiro zinabwera pang'onopang'ono: galimoto inkapendekera mbali imodzi ndikaponda mabuleki mwamphamvu, kumbuyo kunkachedwa kutsatira kutsogolo pokhota, ndipo matayala akumbuyo ankadyeka m'mphepete mwa mkati ngakhale kuti ndinali nditangowawongoletsa. Nditaikweza pa jeke ndi kukankha mkono uliwonse ndi mgwala, ndinaona ndi maso anga mikono iwiri ikusuntha kumene siyenera kusunthira.

Kusankha kunanditengera nthawi yaitali kuposa mmene ndinkaganizira. Ndikanatha kugula mabushi a mphira ofanana ndi oyambirira, ndikanathanso kupita ku mapeto enawo ndi kugula a pulasitiki yolimba yotchedwa Delrin kapena a chitsulo chokhachokha okhala ndi kampira kozungulira mkati, amene amaikidwa pa galimoto za mpikisano ndipo amapititsa kugunda kulikonse kwa msewu mpaka m'mano mwa woyendetsa. Polyurethane ili pakatikati, koma nayonso imagulitsidwa molimba mosiyanasiyana. Kulimba kwake kumayezedwa pa sikelo ya Shore A, pamene nambala ikakwera ndiye kuti chinthucho ndi cholimba kwambiri. Mabushi opangidwira msewu wamba amakhala cha m'ma 80A, pomwe a bwalo la mpikisano amafika 95A. Ine ndinatenga a 80A, popeza galimotoyi ndimayenda nayo pamsewu masiku ambiri ndipo ku bwalo la liwiro ndimapitako mwa apo ndi apo. Mtundu wa utoto wa bushi usakunyengeni, chifukwa kampani iliyonse ili ndi mitundu yakeyake, ndipo chofiira cha kampani ina chikhoza kukhala chofewa kuposa chakuda cha ina. Funsani nambala.

Pali mfundo imodzi imene ndinaimvetsa mochedwa, ndipo ndi imene imafotokoza ubwino ndi kuipa konse kwa katunduyu. Bushi ya mphira ndi yomatiridwa ku kapaipi kachitsulo ka mkati mwake, choncho mkono ukakwera kapena kutsika palibe chimene chimatsetsereka. Mphirayo ndi imene imapotoka kenako n'kubwerera. Bushi ya polyurethane siipotoka choncho. Imazungulira pa kapaipi kaja monga mmene chitseko chimazungulira pa hinje, ndipo chinthu chilichonse chozungulira pa chinzake chimafuna gilizi. Pogula mabushi amenewa simukungosintha chofewa ndi cholimba, mukuchotsa chinthu chimene sichifuna kuchiyang'anira kwa zaka zambiri ndi kuikapo chimene chidzakukumbutsani chokha mukachiiwala.

Katunduyu anafika atapakidwa bwino, bushi iliyonse ili m'zigawo ziwiri pamodzi ndi kapaipi kake, ndipo timatumba tinali tolembedwa malo ake, zimene zinathandiza kwambiri chifukwa mabushi ena amafanana m'maso koma amasiyana pang'ono m'litali. Pepala la malangizo linali losakwanira, la zithunzi zochepa ndi mawu osafika tsamba limodzi, ndipo gilizi amene anaikamo anatha ndisanamalize ngakhale mikono yakutsogolo. Nyenyezi imene ndachotsa yapita pa zinthu ziwirizi. Aliyense wogula ayambe wapeza chitini cha gilizi wa silicone wonata kwambiri, makamaka wosakaniza ndi PTFE (pulasitiki yoterera yodziwika kuti Teflon), chifukwa gilizi wamba wa m'galaja sachedwa kukokoloka ndi madzi.

Ntchitoyi ndinaigwira ndekha, ndipo imene ndinkayesa ya masiku awiri inanditengera masiku asanu. Kuika mabushi atsopano kunali kosavuta, chifukwa zigawo ziwiri zija zimalowa ndi manja ndipo kapaipi kamakankhidwa ndi vayisi. Chovuta chinali kumasula ndi kutulutsa zakale. Bawuti yaitali imene imadutsa m'munsi mwa chitsulo chonyamula tayala lakumbuyo inali itagwirana ndi tipaipi ta mabushi chifukwa cha dzimbiri, moti mbali ya kumanzere sinamve mafuta omasulira, sinamvenso hamala, mpaka ndinaidula ndi sowo ndi kuyitanitsa ina. Mukhale mutagula kale mabawuti amenewa musanakweze galimoto, chifukwa kudikira bawuti imodzi galimoto ili pa masitandi n'kowawitsa mtima. Mabawuti a mikono yam'munsi ali ndi mawashala opendekera amene amawongolera kaimidwe ka matayala, ndipo ndinaika chizindikiro cha penti pa lililonse ndisanamasule, kuti pobwezera ndikhale pafupi ndi pomwe zinali ndi kutha kuyendetsa galimoto mosaopsa kukafika kwa owongola matayala.

Potulutsa mphira yakale, anthu ambiri amalangiza kuiwotcha ndi moto. Ine sindinatero, chifukwa utsi wake ndi woipa, moto umawononga penti yoteteza mkono ku dzimbiri, ndipo kutentha kopitirira muyezo sikuchitira ubwino chitsulo chimene moyo wanu udzadalire pa liwiro. Ndinagwiritsa ntchito ndodo yachitsulo ya mazinga, manati, mawashala okhuthala ndi soketi yaikulu yoti bushi igweremo, ndipo pomanga nati pang'onopang'ono bushi inkatuluka ikulira. Ndodo ziwiri zinathyoka mazinga. Amene ali ndi makina opanikizira a haidiroliki adzamaliza msanga, koma asamale kuti mkono wauchirikiza bwino, chifukwa mikono imeneyi ndi ya chitsulo chopindidwa ndipo ikhoza kukhota. Kenako ndinapala m'mabowo ndi bulashi ya waya mpaka zotsalira zonse za mphira ndi dzimbiri zitachoka, ndi kupakamo penti yopyapyala.

Pomanga pali zinthu ziwiri zoyenera kuziona. Choyamba, bawuti iyenera kupana kapaipi kachitsulo, osati bushi yeniyeniyo, ndipo njira yodziwira ndi kumanga bawuti kufika pa muyezo wake shoko isanalumikizidwe, kenako n'kukweza ndi kutsitsa mkonowo ndi dzanja. Uyenera kuyenda molimbirapo koma mosadukiza. Umodzi mwa mikono yanga yam'mwamba unakana kusuntha, ndipo nditamasula ndinapeza kuti chigawo china cha bushi sichinalowe mpaka pa mlomo wake chifukwa cha gilizi amene anatsekeredwa pakati pa zigawo ziwirizo. Mkono womangika chotere umalepheretsa sipuling'i ndi shoko kugwira ntchito yake, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri amene amadandaula kuti polyurethane imagunda mopweteka msana amakhala ndi vuto limeneli osadziwa. Chachiwiri, bushi ya pansi pa shoko inatsala ya mphira, choncho bawuti yake ndinaimanga komaliza galimoto itakhala pa kulemera kwake, monga mmene bushi iliyonse ya mphira imafunira. Ikamangidwa tayala likulendewera, imakhala yopotoka nthawi zonse ndipo imang'ambika msanga.

Nditawongoletsa matayala onse anayi, kusintha kunamveka pa kona yoyamba. Chiwongolero chimayankha nthawi yomweyo, kumbuyo sikuchedwanso, ndipo pobuleka mwamphamvu galimoto imapita molunjika popanda kulimbana nayo. Chimene chandisangalatsa koposa n'chakuti kaimidwe ka matayala sikakusokonekeranso, ndipo matayala atsopano akumbuyo akudyeka mofanana mbali zonse. Komabe ndiyenera kunena chilungamo: ndikuyerekeza polyurethane yatsopano ndi mphira ya zaka 20, ndipo ndikuganiza kuti gawo lalikulu la ubwino umenewu ndikanalipezanso ndi mabushi atsopano a mphira. Chimene polyurethane yawonjezera ndi kukhazikika kwa galimoto pamene ikukhota pa liwiro lalikulu tayala litalemedwa kwambiri, ndipo zimenezo munthu amazimva pa bwalo la liwiro kuposa pa ulendo wa tsiku ndi tsiku.

Phokoso lawonjezeka, koma osati moopsa monga ena amanenera. Pa phula losalala palibe kusiyana. Pa msewu wa timiyala ndi pa mizere yolumikizira milatho, kugunda kumamveka kowuma, ndipo kunjenjemera pang'ono kumafika pa mpando. Mabushi awiri ogwira difu (bokosi la magiya logawa mphamvu ku matayala akumbuyo) ndinawasiya a mphira mwadala, chifukwa amenewo akalimba amalowetsa kulira kwa magiya m'kati mwa galimoto.

Kulira kwa mabushi, kumene aliyense amachenjeza, kunandipeza m'mwezi wachisanu nditayenda masiku angapo pamvula. Kunayamba ngati kulira kwa bedi lakale podutsa pa bampu m'mawa, ndipo kunachokera ku mikono yam'mwamba yakumbuyo, imene ndinaipaka gilizi mowumira tsiku lija wa m'phukusi atatha. Kulakwa kunali kwanga, ngakhale kuti gilizi wokwanira akanandipulumutsa. Ndinamasula, ndinapaka mokwanira mkati mwa bushi, pa kapaipi ndi pa nkhope zonse ziwiri zimene zimakhudzana ndi chitsulo, ndipo sikunabwerenso. Kupopera mafuta kunja kumangoletsa phokoso kwa masiku awiri kapena atatu.

Kwa amene galimoto yake ndi yoyendera wamba ndipo safuna kugonanso pansi pake, ndikulangiza mabushi a mphira. Kwa amene amapita ku bwalo la liwiro ndipo saona vuto kumasula mikono nthawi ndi nthawi, a polyurethane a 80A ndi oyenera, ndipo ine ndikhoza kuwagulanso. Mlungu watha ndinakwezanso galimoto ndi kuyesa mkono uliwonse ndi mgwala uja, ndipo palibe umene unasuntha. Ndikadzamasulanso ndidzaboola mikono ndi kuikamo timabele topoperapo gilizi, kuti ntchito ya tsiku lathunthu idzikhala ya mphindi zochepa.