Linux Mint 22.2 pa laputopu ya khadi la NVIDIA: nyenyezi zinayi mwa zisanu

Ndimajambula ndi kukonza makanema a maukwati ndi zinkhoswe, ndipo laputopu ndiyo khasu langa. Ndi yakale ndithu, ya Core i7 ya m'badwo wachisanu ndi chiwiri, yokhala ndi makhadi awiri a zithunzi, la Intel ndi la GeForce GTX 1050. Windows 10 itasiya kulandira zokonza zachitetezo pa 14 Okutobala 2025, ndinapeza kuti makina angawa sali pamndandanda wa olandira Windows 11. Ndalama yogulira ena ndinalibe, ndiye m'malo mwa Windows ndinaika Linux Mint 22.2, yomangidwa pa Ubuntu 24.04, yomwe idzasamalidwa mpaka 2029.

Tsiku loyamba mtima unali m'mwamba. Nditayatsira pa fulashi, chizindikiro chobiriwira cha Mint chinangooneka kamphindi, kenako sikirini yonse bii! Ndinayambiranso n'kusankha compatibility mode, ndipo zinatheka. Nditamaliza kuika, mdima uja unabweranso. Apa pamafunika kudina batani la e pa menyu ya GRUB (imene imaoneka makina akamayaka), kulemba nomodeset m'malo mwa mawu oti quiet splash, kenako F10. Zimenezi zimagwira ulendo umodzi wokha, n'cholinga choti mulowe mukaike driver yoyenera, pulogalamu yoyendetsa khadi la zithunzi.

Chimene ndimayamikira kwambiri ndi Driver Manager. Inalizindikira yokha khadi langa, n'kundisonyeza driver ya nouveau yomwe imabwera kale ndi ya NVIDIA yomwe amalimbikitsa. Palibe kusakasaka pa intaneti. Kungoti konzekerani bandulo yokwanira, chifukwa mafayilo ake ndi aakulu.

Pamene ndinapunthwa ndi apa. Driver Manager ili mkati moika driver ya NVIDIA, inandiuza kuti ndilembe pasiwedi ya Secure Boot, chitetezo chimene chimagwira ntchito makina akamayaka. Ndinalemba. Makina atayakanso panabwera sikirini yabuluu yolembedwa Perform MOK management, ine n'kuganiza kuti china chake chalakwika, ndiye ndinangodina Continue boot kuti ichoke. Kulakwitsa kwanga kunali komweko. Laputopu inalowa bwinobwino, koma Kdenlive, pulogalamu yokonzera makanema, inkachita kugwiragwira, ndipo fani inkalira usiku wonse. Ndinkati mwina ndi ukalamba wa makina.

Zinaululika Loweruka lina nditapita kukaonetsa kanema kwa banja limene linandilemba ntchito. Anthu anadzaza pabalaza, agogo a mkwatibwi atakhala pamphasa kutsogolo kwenikweni, ana ataunjikana pakhomo. Ndinalumikiza chingwe cha HDMI ku TV, iyo n'kungolemba No signal. Ndinasintha chingwe, ndinazimitsa n'kuyatsanso, koma ayi ndithu. Mapeto ake anthu oposa makumi awiri anaonera ukwati wa mwana wawo pa kasikirini ka laputopu, akusuzumirana pamapewa. Zinandiwawa, chifukwa anthuwa analipira ndipo anadikira milungu itatu.

Usiku womwewo ndinakhala nayo pansi. Nditalemba inxi -G mu terminal (malo olembamo malamulo), pa khadi la NVIDIA panalembedwa driver: N/A, kutanthauza kuti driver imene ndinaika ija sinkagwira ntchito. Lamulo la mokutil --sb-state linayankha kuti SecureBoot enabled. Apa m'pamene ndinamvetsa. Secure Boot salola driver imene siginecha yake sakuidziwa, ndipo sikirini yabuluu ija inali malo olembetsera kiyi yake. Pa malaputopu ambiri a makhadi awiri, malo olowetsa HDMI amalumikizidwa ku khadi la NVIDIA, choncho khadilo likagona, TV nayo siiona kanthu.

Kukonza kwake sikunatenge mphindi khumi. Ndinalemba sudo update-secureboot-policy --enroll-key, n'kupereka pasiwedi yatsopano, n'kuyatsanso. Pa sikirini yabuluu ndinasankha Enroll MOK, kenako Continue, kenako Yes. Polemba pasiwedi pamenepo zilembo sizioneka, musadabwe. Nditalowa, lamulo la nvidia-smi linaonetsa GTX 1050 ndi kutentha kwake, ndipo TV yakwathu inayaka pompo. Ena amangozimitsa Secure Boot mu BIOS, nazonso zimatheka, koma ine ndinakonda kuisiya yoyaka.

Kuyambira pamenepo sindinavutikenso. Pansi kumanja pali kachizindikiro kosinthira makhadi: magetsi akathima ndimasankha la Intel kuti batire ikhalitse, pokonza kanema ndimabwerera ku la NVIDIA. Ndimayatsanso Timeshift, pulogalamu yosunga mmene makina alili, ndisanalandire kernel (mtima wa Linux) yatsopano iliyonse, kuti zikasokonekera ndibwerere pomwe ndinali.

Nyenyezi imodzi ndaisunga chifukwa munthu amene sanagwirepo Linux adzafunika mnzake wodziwa pafupi tsiku loyambalo, makamaka ngati makina ake ali ndi makhadi awiri ngati anga. Mchemwali wanga ali ndi laputopu ya khadi la Intel lokha. Ndinamuikira Mint yomweyi mwezi watha, ndipo pulojekita yakusukulu kumene amaphunzitsa inagwira atangolumikiza chingwe.