Kauvuni kamagetsi ka patebulo: chaka chatha ndikuphikira ku Rosettenville

Pa nyenyezi zisanu ndikapatsa zinayi. Yachisanuyo inapita ndi chigumu changa choyamba komanso chala cha mwana wanga, nkhani zake zili m'munsimu.

Timakhala atatu m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya eni ake ku Rosettenville: ine, bambo a kunyumba ndi kamtsikana kathu. Amene mukuchita lendi kuno ku Joni mukudziwa kuti bedi, firiji ndi khitchini zonse zimakhala m'chipinda chimodzi. Sitovu yaikulu ya uvuni ilibe poima. Zaka zitatu ndinkaphikira pa kasitovu ka mbale ziwiri, nsima ndi ndiwo basi, ndipo ndikalakalaka sikono ndinkachita kugula. Ndiye kumapeto kwa mwezi wina ndinalimba mtima n'kugula kauvunika, ka malita 20, mphamvu yake mawati 1,500. Kali ndi zopotokola zitatu: cha kutentha (chimafika madigiri 230), chosankhira moto wapansi, wapamwamba kapena onse awiri, ndi wotchi ya mphindi 60 imene imaliza belu ikatha. Kanabwera ndi thireyi imodzi, waya wowotcherapo ndi kachitsulo kotulutsira thireyi.

Chimene ndinagulira kwenikweni ndi chigumu, ndisaname. Kwathu amayi ankaphika mumphika, makala pansi, makala ena pa chivindikiro, n'kumakupiza mpaka fungo la nthochi litafika kwa aneba. Kauvunika kamagwira ntchito mofanana: zitsulo ziwiri zimafiira pansi, ziwiri pamwamba. Kusiyana kwake n'kwakuti malo ndi ochepa, moto uli pafupi kwambiri ndi chakudya. Tsiku loyamba ndinasakaniza mgaiwa umene achemwali ananditumizira pa basi ya ku Park Station, nthochi zinayi zakupsa kwambiri, shuga, mkaka ndi soda, n'kuika pa 200 monga ndimachitira pa uvuni wa kuntchito. Mphindi 25 zisanakwane pamwamba panali bii ngati kunsi kwa mphika, koma nditabaya ndi mpeni m'kati munali phala lenileni. Bambo a kunyumba anangoti, "Mayi, amenewa ndiye makala a ku Joni?" Ndinawawidwa mtima ndi mgaiwa wanga, poti kuno ufa wa m'shopu ndi woyera ndipo chigumu chake sichimveka kukoma.

Ndinaphunzirapo zinthu zingapo, ndipo apa ndipomwe ndikufuna mumvetsetse musanataye ufa wanu. Manambala a pa chopotokola musawakhulupirire kwambiri. Ine panopa ndimaika pa 170, thireyi pa mzere wapansi, ndipo pakadutsa mphindi 20 ndimaphimba pamwamba ndi foyilo. Kumbuyo kwa kauvunika kumatentha kuposa kufupi ndi chitseko, choncho pakati pa nthawi ndimatembenuza chitini, mbali yakumbuyo ibwere kutsogolo. China anandiuza ndi abwana anga aakazi amene amaphika makeke: Johannesburg ili pamwamba, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yaikulu, pamene Lilongwe ndi Blantyre zili pa mamita ongopitirira pang'ono 1,000. Pamalo okwera chonchi mpweya ndi wopepuka, zophika zimafufuma msanga kenako n'kuphwa pakati. Nditachepetsa soda pang'ono n'kuwonjezera mkaka, chigumu chinasiya kukhala ndi dzenje. Tsopano chimatuluka chofiirira bwino m'mphindi 45, ndipo Lamlungu ndikapita nacho kutchalitchi amayi anzanga amalanda ndisanakhale n'komwe pansi.

Mbatata yowotcha imakoma kwambiri, imatuluka uchi m'khungu ngati ya paphulusa. Mtedza ndimakazingira momwemo osaima ndi mthiko. Sikono zimalowa zisanu ndi zinayi nthawi imodzi. Nkhuku yathunthu imalowa mokakamiza ndipo chidali chimakhudza chitsulo chapamwamba, bola kuidula zidutswa. Buledi kamawotcha masilayisi anayi, koma mochedwa, ndipo ukangotembenuka kukasamba mwana wapserera. Ngati mukufunira buledi yekha, kagulireni chowotchera buledi chija chimadumphitsa, n'chotchipa.

Za magetsi, poti tonse tili pa pulipedi. Mawati 1,500 akayaka ola lathunthu osapuma ndi yuniti imodzi ndi theka. Koma kauvunika kakafika pa kutentha kumene waika kamadzizimitsa, kenako n'kuyakanso, umamva kakuti "thi". Ndinayesa kuwerenga mita chigumu chisanalowe ndi chitatuluka, sichinadye yuniti yathunthu. Katenthanso msanga, mphindi zisanu kakonzeka. Vuto lili pa waya. Chipinda chathu chimalandira magetsi kuchokera m'nyumba yaikulu, ndipo ndikayatsa kauvuni pamodzi ndi ketulo kapena ayironi, swichi imagwa. Ulendo wina inagwa usiku eni nyumba akuonera mpira, ndinakagogoda manyazi ali tho. Kuyambira pamenepo kauvuni kali ndi soketi yakeyake ya pakhoma, osati pa ekisitenshoni, ndipo kakayaka ketulo amadikira.

Wotchi yake ndi yopotokola ngati mawotchi akale, siyendera magetsi. Ubwino wake ikalira imazimitsa moto, sungaiwale kauvuni kali chiyakire. Kuipa kwake ndinakuona tsiku lina magetsi atazima ndili panja ndikuchapa. Belu inalira bwinobwino pa nthawi yake, ine ndikuthamanga ndi nsalu m'manja, kupeza sikono zili zoyera, zozizira, zangofufuma theka. Kuzima kwa magetsi kwachepa kuyerekeza ndi 2023, komabe panopa belu isanalire ndimayamba ndayang'ana ngati kanyali kofiira ka pa kauvunika kali koyaka.

Chimene sindingakhululukire opanga ake ndi kutentha kwa kunja. Chitsulo chake n'chopyapyala, galasi la chitseko ndi limodzi lokha. Pamwamba pake pamatentha moti thumba la buledi limene ndinaiwalapo linasungunuka n'kumatirira, mpaka lero zilembo zake zikuonekabe. Mwana wanga, wa zaka zitatu, anakhudza galasi pofuna kuloza sikono, chala chinatuluka thuza. Tinakasamutsira pa shelufu yapamwamba imene bambo ake anakhoma, kutali ndi katani, n'kusiya mpata kumbuyo ndi m'mbali. M'mwezi wa June ndi July kutentha komweko kumatithandiza, chipinda chimafunda ukamaphika. Mu December ndiye umachita kutsegula chitseko.

Kutsuka sikuvuta ukamachita tsiku lomwelo. Pansi pali kathireyi kotuluka kolandira nyenyeswa, ndipo ukakasiya masiku awiri mphemvu zimabwera ndi abale awo. Mafuta a nkhuku akadonthera pa zitsulo zamoto amafuka utsi ulendo wotsatira. Nsomba ya makerele ndinawotcha kamodzi kokha, yunifomu ya bambo a kunyumba inanunkha mpaka Lachitatu. Thireyi imene kanabwera nayo inapindika patatha miyezi inayi ndipo yayamba dzimbiri m'makona, ndinagula chitini china.

Mlamu wanga wa ku Turffontein atalawa chigumu anati agula kena atumize kwa apongozi ku Zomba. Ndinawauza kuti, "Alamu, mphamvu ya magetsi ndi yofanana, mavoti 230 kuno ndi kwathu komwe, koma pulagi ya kuno ndi ya mano atatu ozungulira, ya kumudzi ndi ya mano a makona. Muisinthiretu musanapakire." Ndinawonjezeranso kuti galasi alikulunge m'bulangeti, poti katundu wa pansi pa basi amaponderezana kuchokera Park Station mpaka pa Mwanza. Anati ndiwabwereke kanga ayesere kaye sabata imodzi. Ndakana.