Critical Care wa Oxbow: amabwezadi thupi la mbira yowonda, koma si mankhwala

Mbira imabisa matenda. Pofika poti mwaona nthiti ndi mafupa a m'chiuno, imakhala itayamba kuwonda kalekale, ubweya ndi umene umakunamizani. N'chifukwa chake madokotala a ziweto ambiri amatchula Critical Care wa nyama zodya udzu, ufa wopangidwa ndi kampani ya Oxbow ya ku Nebraska, ku America. Ndi udzu wa timothy wogaya, wothiramo mavitamini, kuphatikizapo vitamini C, amene thupi la mbira silitha kudzipangira lokha.

Ufawu ndi wabwino ndithu. Ubwino wake waukulu ndi woti ndi udzu ndithu, osati shuga kapena mafuta. Matumbo a mbira amayenda ndi udzu, ndipo akaima kwa maola 12 okha zinthu zimayamba kuipa. Anthu ambiri akaona mbira yawo yawonda amathamangira nthochi, buledi ndi mbewu zamafuta, n'kuitsegulitsa m'mimba, kenaka imawonda kuposa kale. Ufawu umabweza thupi pang'onopang'ono koma matumbo ali m'malo mwake.

Kasakanizidwe kolembedwa pa paketi ndi muyezo umodzi wa ufa pa miyezo iwiri ya madzi ofunda, ndipo phala lake mumadyetsa mbira ndi sirinji. Apa mpamene pali vuto loyamba: ufawu umapitiriza kumwa madzi. Mukasakaniza umaoneka bwino, pakapita mphindi zisanu walimba, sirinji yatseka. Mukakankha mwamphamvu, phala lonse limatulukira kamodzi m'kamwa mwa mbira, ndipo ikhoza kutsamwa. Choncho sakanizani, dikirani mphindi zisanu, kenaka onjezerani timadzi mpaka lizidontha pa supuni ngati phala la mwana. Mtundu wa Fine Grind, womwe ndi wosalala kwambiri, sutseka kawirikawiri, ndipo ndi umene uyenera kusankhidwa ngati mbira yafookeratu.

Sirinji yabwino ndi yaing'ono ya 1 ml, yopanda singano. Dulani kansonga kake kuti bowo likule, n'kupalapala podulidwapo kuti pasatsale pakuthwa. Masirinji aakulu amaoneka ngati afulumizitsa ntchito, koma n'kovuta kuyeza zomwe zikutuluka. Kulungani mbira m'kathaulo, miyendo yonse inayi ili pansi. Musaigoneke chagada ngati khanda, chifukwa chakudya chimalowera kumapapo n'kuyambitsa chibayo. Lowetsani sirinji cham'mbali, pampata umene uli kuseri kwa mano akutsogolo, n'kukankha pang'ono, osapitirira theka la sirinjiyo nthawi imodzi. Onetsetsani nsagwada: zikamayenda, ikutafuna ndi kumeza. Zikangoti zii, phala likuyenderera pachibwano, lekani kaye.

Muyezo wa pa paketi ndi masupuni aakulu atatu a ufa wouma pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku, pafupifupi magalamu 27. Mbira yaikulu imene yasiyiratu kudya imafunika phala losachepera 60 ml patsiku, ndipo kuti iyambe kunenepa nthawi zambiri pamafunika kufika cha m'ma 80 kapena 90 ml. Gawani 10 mpaka 15 ml maola atatu kapena anayi alionse, usiku womwe ngati yadwalika. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo palibe ufa umene ungakuchotsereni tulo timeneto. Pa muyezo umenewu, kwa mbira ya kilogalamu imodzi, kapaketi ka magalamu 36 sikafika masiku awiri, paketi ya magalamu 141 imatha m'masiku asanu. Ngati vuto lake ndi la mano, lomwe limatenga masabata, yambirani pa paketi ya magalamu 454.

Pa nkhani ya fungo mbira zimasiyana. Zambiri zimakana ufa wa fungo la anise (kambewu kokometsera zakudya), n'kulandira wa apulo ndi nthochi. Ina ikakana zonse, tengani chakudya chake cha timibulu chimene inazolowera, chiviikeni m'madzi ofunda mpaka chifewe, n'kusakaniza theka ndi theka. Ikayamba kuchira ikhoza kumanyambita yokha m'mbale, ndiye limbitsaniko phalalo n'kuumba timipira.

Ufawu sukhalitsa ukasakanizidwa. Wotsala uikeni m'furiji, mukamaugwiritsanso ntchito muufunditse pang'ono, ndipo pakatha maola 24 mutaye. Paketi yotsegula imakoka chinyezi, n'kuumbika zibuma, ndiye muziitseka bwino.

Chimene ufawu sungachite ndi kukuuzani chifukwa chimene mbira yawondera. Mbira ili ndi mano 20 ndipo onse amakula moyo wake wonse. Otafunira akapitirira, a m'munsi amapindikira mkati mpaka kupanikiza lilime. Mbira yotere imabwera pa chakudya ndi njala, imachitola, n'kuchigwetsa, pachibwano pali ponyowa ndi malovu. Critical Care angaisunge ndi moyo, koma mano amafuna dokotala wa ziweto awachepetse. N'chimodzimodzinso miyala ya m'chikhodzodzo, matenda a m'chifuwa, nthata za pakhungu, kapena inzake imene ikuithamangitsa pa chakudya. Yothamangitsidwayo imangofunika mbale yachiwiri ndi mulu wina wa udzu kumbali ina ya khola. Ndipo ngati mimba yafufuma n'kulimba, ndowe zosatuluka, musaidyetse ndi sirinji n'komwe, thamangani nayo kwa dokotala. Musaipatsenso mankhwala otsala m'nyumba: amoxicillin ndi ena a gulu la penicillin amapha mbira.

Kuti mudziwe ngati ufawu ukugwira ntchito, maso sathandiza, gwiritsani ntchito sikelo ya kukhitchini yoyeza magalamu. Yaimuna yokhwima imalemera pakati pa magalamu 900 ndi 1,200, yaikazi 700 mpaka 900, koma chofunika kwambiri ndi kumene manambala akulowera. Iyezeni m'mawa uliwonse musanaidyetse. Kusiyana kwa magalamu 30 si nkhani, ndi mkodzo ndi za m'mimba. Ikatsika ndi 50 khalani tcheru, ikafika 100 ndi zadzidzidzi. Masiku oyambirira cholinga ndi kungoletsa kutsika, kukwera kumabwera pambuyo. Ndowe nazo zimachedwa ndi tsiku limodzi kapena awiri kuonetsa kusintha, ndiye musade nkhawa mukaona timibulu tidakali ting'onoting'ono mawa lake.

Udzu wouma ukhalepo nthawi zonse ngakhale ikudya phala, chifukwa phala siliperesa mano. Mukhoza kusakanizamo pang'ono udzu wa alfalfa, umene umanenepetsa msanga, kupatula kwa mbira imene inadwalapo miyala, poti uli ndi kashiamu wambiri. Kachidutswa ka tsabola wosawawa tsiku lililonse kamawonjezera vitamini C. Mbira ikayamba kudya yokha, musasiye sirinji kamodzin'kamodzi: chotsani chakudya chimodzi patsiku, yezani m'mawa mwake, ndipo sikelo ikatsika masiku awiri otsatizana, bwezerani chimene munachotsacho.