Mutu wa sitima: wa dizilo kapena wa magetsi?

Ambiri sadziwa kuti mutu wa dizilo nawonso umayenda ndi magetsi. Injini yake imangozunguza jenereta, ndipo jeneretayo ndiyo imadyetsa mamota amene ali pansi, pa mawilo. Kusiyana kulipo n'kwakuti wa dizilo umasenza wokha gwero la magetsi ake, pomwe wa magetsi umayamwa kuwaya wapamwamba kudzera pachitsulo chopindika cha padenga.

Pa mphamvu, wa magetsi ulibe mnzake. Sunyamula thanki ya mafuta, sufuna kusinthidwa oilo wa injini, ndipo umanyamuka mwachangu. Pamtsetse m'pamene umandisangalatsa. Mitu yonse iwiri imagwira buleki ndi mamota omwe aja, amene pa nthawiyo amasanduka jenereta n'kumapanga mphamvu ya magetsi, koma wa magetsi wamakono umabweza mphamvuyo kuwaya kuti ikakoke sitima ina. Wa dizilo ulibe kokaitula, ndiye umangoiwotcha n'kuiuluza ndi mafani, aja amalira ngati chigayo aja. Ku South Africa, njanji ya makilomita 861 yochoka ku Sishen kukafika ku Saldanha ili ndi mawaya a mavoti 50,000, ndipo sitima imodzi imakoka mabogi a miyala ya chitsulo oposa 300.

Koma waya ndi wofuna kuulondera usana ndi usiku. Zimbabwe inaika mawaya panjanji ya Harare mpaka Dabuka, pafupi ndi Gweru, mu 1983. Chuma chitasokonekera, akuba anayamba kudula kopa mpaka mitu ya magetsi inangokhala, dizilo n'kubwerera. Wa dizilo bola njanji ilipo, thanki yadzaza, ukupita. N'chifukwa chake sindidabwa kuti sitima za malasha zochoka ku Moatize kudzera ku Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi popita ku Nacala zonse ndi za dizilo. Ndi kuthimathima kwa magetsi kwathu kuno, ndani angayerekeze? Tanzania yayerekeza ndithu: kuyambira 2024 sitima ya magetsi ikuyenda pakati pa Dar es Salaam ndi Dodoma.

Ine ngati ndili paulendo, ndipatseni ya magetsi, yopanda utsi ndi kunjenjemera. Koma poima pambali pa njanji ndi kamera, ayi. Mapolo ndi mawaya amadetsa chithunzi, komanso sitimayo imangoti fyuu, yapita. Ya dizilo ikamanyamuka ndi katundu wolemera umaimvera m'chifuwa, utsi wakuda uli tolo, dalaivala akukweza mphamvu pang'onopang'ono kuopa kuti mawilo angaterereke. Njanji ikanyowa amathira mchenga kutsogolo kwa mawilo kuti agwire.