Das alte Gesetz kapena Die Stadt ohne Juden: tionetse iti kwa ophunzira?

Kwa anzanga amene mumaonetsa mafilimu akale kwa ophunzira mbiri ya dziko la Germany ndi Austria, pali mafilimu awiri opanda mawu amene amalimbirana malo pamene nkhani ili ya chidani chimene Ayuda anakumana nacho Hitler asanatenge boma mu 1933. Onse awiri anakonzedwanso mwatsopano ndi kuonetsedwa mu 2018, choncho zithunzi zake ndi zooneka bwino, koma zimene amaphunzitsa ndi zosiyana kwambiri.

Das alte Gesetz (kutanthauza Lamulo Lakale), imene E. A. Dupont anapanga mu 1923, imatsata mnyamata Baruch, mwana wa rabi (mtsogoleri wa chipembedzo cha Chiyuda) wa m'tauni yaing'ono ya ku Galicia, dera la kum'mawa kwa Ulaya, amene akuthawa kwawo kuti akakhale katswiri wa zisudzo ku Burgtheater, nyumba yaikulu ya zisudzo ya mu mzinda wa Vienna. Mphamvu ya filimuyi ili pa kudekha kwake. Kamera imakhalitsa m'sunagoge ndi m'nyumba ya rabi, imaonetsa chikondwerero cha Purim ndi mapemphero a Yom Kippur mwaulemu, mpaka woonera amayamba kuwadziwa anthuwa ngati anansi ake. Pali malo amodzi amene amagwira mtima: Ernst Deutsch, amene akusewera ngati Baruch, akudula tsitsi lalitali la m'mbali mwa makutu limene Ayuda opembedza amasunga, kuti akwere pabwalo ngati Hamlet wa m'sewero la Shakespeare. Palibe mawu amene akumveka, koma aliyense amaona mtengo umene munthu amalipira kuti alandiridwe. Pa nthawi imene zithunzi zambiri zinkajambula Myuda wa kum'mawa ngati munthu wauve ndi wachinyengo, limeneli linali yankho lolimba. Chofooka chake n'chakuti chidanicho sichionekera kwenikweni, ndipo nkhaniyo inaikidwa m'zaka za m'ma 1860, kutali ndi mavuto a oonera ake. Patangopita masiku ochepa filimuyi itatuluka ku Berlin, mu November 1923, magulu a anthu anamenya Ayuda ndi kuwabera katundu m'dera la Scheunenviertel mu mzinda womwewo.

Die Stadt ohne Juden (kutanthauza Mzinda Wopanda Ayuda) ya mu 1924 siyizungulira. Hans Karl Breslauer anaitenga m'buku la Hugo Bettauer la mu 1922, ndipo imaonetsa nyumba ya malamulo ya mzinda wotchedwa Utopia ikuvomereza lamulo lothamangitsa Ayuda onse chifukwa ndalama yagwa mphamvu ndipo ntchito zasowa. Timaona mabanja akukwera sitima zapamtunda, ena akuyenda pansi ndi katundu wawo, ndipo munthu amene akudziwa zimene zinachitika ku Vienna pambuyo pa 1938, pamene a chipani cha Nazi cha Hitler anathamangitsadi Ayuda, sangaone zimenezi mtima uli m'malo. Ophunzira amaona ndi maso kuti nkhanza zoterezi zimayamba ndi zolankhula za andale ndi kuponya mavoti, mfuti zisanatuluke.

Komabe filimuyi ili ndi chilema chimene mphunzitsi sayenera kuchibisa. Ayuda akuitanidwanso chifukwa malonda aima ndipo mzinda wasauka, ngati kuti ufulu wa munthu wokhala kwawo umadalira phindu limene amabweretsa. Mathero ake amasandutsa zonse kukhala maloto a phungu wodana ndi Ayuda, amene Hans Moser anamusewera, ndipo zimenezi zimafewetsa nkhani imene sinayenere kufewetsedwa. Ngakhale zinali choncho, a chipani cha Nazi anasokoneza zionetsero zake, ndipo mu March 1925 Otto Rothstock, mnyamata wotsatira maganizo a Nazi, anawombera Bettauer mu ofesi yake, ndipo Bettauer anafa patatha masiku 16. Mbali zina za filimuyi zinasowa mpaka 2015, pamene kope lina linapezeka pa msika wa zinthu zakale ku Paris ndipo Filmarchiv Austria, bungwe losunga mafilimu akale, inalikonza ndi ndalama zimene anthu wamba anasonkha.

Pa luso, Dupont ali patsogolo ndithu, koma filimu yake imapitirira maola awiri ndipo imafuna oonera oleza mtima, pamene ya Breslauer imatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka, n'kusiya nthawi yokambirana. Ngati muli ndi madzulo amodzi okha, ine ndikulangizani Die Stadt ohne Juden, ndipo muwauze ophunzira za imfa ya Bettauer filimu isanayambe. Ngati muli ndi madzulo awiri, yambani ndi Das alte Gesetz, kuti pamene sitima zija zikunyamuka, ophunzira akhale atadziwa kale kuti amene akuchotsedwawo ndi anthu otani.