Antibodi wamkulu kapena nanobodi: ndani amafika pakati pa chotupa?

Dzulo ku Chirunga mnzanga wophunzira sayansi anandionetsa chithunzi pafoni: kampira ka maselo a khansa okulitsidwa mu labotale, kakuwala m'mbali mokha, pakati pali bii. Powala ndi pomwe mankhwala anafika. Mtima unandiwawa, poti maselo apakatiwo ndi omwe amapulumuka.

Mankhwalawo anali antibodi (puloteni wa chitetezo cha m'thupi amene amagwira chimene walunjika) wamkulu wa mtundu wotchedwa IgG, monga trastuzumab wa khansa ya m'mawere. Amalemera pafupifupi 150 kDa (muyeso wa kulemera kwa mapuloteni) ndipo amakhala m'magazi kwa masabata, koma kulowa mkati mwa chotupa kumamuvuta. Akagwira maselo oyamba amakakamira pomwepo, ngati anthu oima pachipata cha msika wa Zomba, am'mbuyo n'kusowa podutsa. Mu mbewa zoyeserera zimavutirapo, chifukwa madzi a m'chotupa amakankhira kunja.

Nanobodi, kachidutswa ka antibodi wochokera ku ngamila ndi llama (nyama yofanana ndi ngamila), ndi 15 kDa basi. Amalowerera msanga mpaka mkati, koma impso zimamusefa m'maola ochepa.

Kwa ine, pojambula chotupa nanobodi ndiye wabwino. Pochiza, wamkuluyo akadali patsogolo, bola aperekedwe wokwanira kuti maselo am'mbali akhute, wotsalayo apite mkati.