Ford Ranger yokana kulira: mmene zayendera chikonzereni

Papita miyezi ingapo tsopano chikonzereni vuto lomwe Ford Ranger yanga inali nalo, ndipo dzinja lonse latha osabwereranso. Galimotoyi ndinagula itayendapo kale, yochokera ku South Africa, kumene ma Ranger amawapangira ku Silverton mumzinda wa Pretoria. Injini yake ilibe chifukwa. Chomwe chinkandisowetsa mtendere n'chakuti inkalira bwinobwino masiku angapo, kenako tsiku lina n'kungoti zii. Magetsi a padashibodi akuwala, wailesi ikuyimba, koma sitata osatembenuka. Ukadikira pang'ono n'kuyesanso, iyo vuu!

Vuto lobwera mwa apo ndi apo limadyetsa ndalama, chifukwa ukafika nayo kugalaja galimoto imakhala yachira. Wina amati batire, wina sitata, wina fyuzi. Batire titaliyeza linkawerenga mavoti 12.6 injini ili chozima, kutanthauza kuti linali lodzaza.

Chimene chinaulula nkhani ndi kanyali kofiira ka chitetezo padashibodi, kamene ambirife sitikayang'ana n'komwe. Zonse zikakhala bwino, ukatembenuza kiyi kamayaka masekondi pafupifupi atatu n'kuzima. Tsiku lokanalo kankaphethira mothamanga osaleka. Apa m'pamene wamagetsi a galimoto anati, "Bwana, sitatayo isiyeni. Galimoto yanuyi sikukudziwani, ikuyesa ndinu wakuba."

Chitetezo choterechi a Ford amachitcha PATS, ndipo anayamba kuchiika m'magalimoto awo m'zaka za m'ma 1990. M'mutu mwa kiyi muli kachip kopanda batire. Pakamwa pomwe mumalowetsa kiyi pazunguliridwa ndi mkombero wa waya umene umapatsa kachipko mphamvu n'kuwerenga nambala yake. Nambalayo ikapanda kufika kukompyuta ya injini, kapena ikafika yolakwika, galimoto siilira. Choncho kusintha kabatire ka rimoti, monga ena amalangizira, sikuthandiza kanthu. Kabatire kaja ntchito yake ndi yotsegula zitseko basi.

Kamakina kotchipa kowerengera zolakwika kanangotipatsa P1260. Nambala imeneyi imangonena kuti chitetezo chatseka injini, siinena chifukwa chake. Panafunika makina otha kulowa m'mbali zonse za galimoto kuti tione B1681, yomwe imatanthauza kuti uthenga wochokera kumkombero uja sukufika. Ikanakhala B1600 tikanakayikira kiyi kuti sakuwerengeka, B1601 ikanatiuza kuti kiyiyo galimoto siimudziwa. Kusiyana kwa manambalawa ndi kumene kunandipulumutsa kuti ndisagule kiyi watsopano pachabe.

Atatsegula pansi pa chiwongolero tinapeza zodabwitsa. Mwini wake woyamba anaikitsa alamu yapadera, ndipo amene anaiikayo anasenda mawaya, n'kungowapota ndi manja n'kukulunga tepi. Tepi inali itasungunuka ndi kutentha, ndipo mabampu amsewu wafumbi ankagwedeza polumikizapo, lero pagwira mawa pataya. Ndiye kuti PATS inalibe mlandu, inkangochita ntchito yake. Alamuyo tinaichotsa yonse, mawaya anawawotcherera bwino ndi mtovu, pulagi ya mkombero anaitsuka n'kuimanga kuti isamasewere.

Kuyambira pamenepo ndayenda nayo m'matope, m'fumbi, itanyamula matumba a feteleza, ndipo imalira ndikangokhudza kiyi. Ndinapangitsanso kiyi wachiwiri, ndipo sindimangirira awiriwa pamodzi, popeza kiyi wina wa chip akayandikira mkombero amatha kusokoneza kawerengedwe. Pa ma Ford ambiri, ukakhala ndi makiyi awiri ogwira ntchito umatha kuphunzitsa wachitatu wekha. Ukatsala ndi mmodzi, mpaka upite kwa wamakina.

Ena anandiuza kuti ndingochotsa chitetezo chonsecho, ati mtima ukhale m'malo. Ndinakana. Pikapu imakopa akuba, ndipo kuchotsa PATS sikukanalumikiza mawaya osendedwa aja, omwe tsiku lina akanatha kuyambitsa moto. Chokhacho chimene ndikuchisowa ndi kulira kwa alamu usiku munthu akakhudza chitseko. Ndikuganiza zoikitsa ina, koma ulendo uno wamagetsiyo ndidzamuimirira pompo, ndipo mawaya a pachiwongolero sadzawakhudza.